Phiko Limene Anaona aNachisale

Teni koloko inakwana masutikesi awiri ali chiimire pakhomo, omangidwa ndi zingwe kuyambira dzulo, koma mwini wake osatuluka m'chipinda. Lucius anatsika kukaliza galimoto kuti itenthe, nakweranso. Anatsikanso kukaona ngati kampando ka mwana wakamanga bwino, chikhalirecho anali atakamanga yekha m'mawa womwewo, nakweranso, wefuwefu, nsanjika zitatu zathunthu. Miyendo inali kumuyabwa munthuyu.

Ofunika kunyamukawo anali apongozi ake, aNachisale a ku Nambuma, mayi a mkazi wake Thandizo. Anabwera miyezi isanu ndi umodzi yapitayo kudzathandiza pa chikuta, ndipo mdzukulu wawo Pempho anabadwira m'manja mwawo. Tsono viza yawo inkatha tsiku lomwelo. Osati mawa, abale, lero. Pogula tikiti Lucius ananena kuti tisiye mpata wa sabata imodzi, koma Thandizo uja, ati mayi anga akhale mpaka tsiku lomaliza. Ndiye tsiku lomaliza lija ndi limeneli. Akanangogona m'dzikomo viza itatha, dzina lawo likanada ku maofesi, ndipo pepala lobwereranso likanadzavuta kwabasi. Pempho akanamangomuonera pa foni mpaka kukula.

Thandizo mwini wake kunalibe. Anatsanzikana ndi mayi ake mbandakucha, misozi ili chuchuchu, n'kuthamangira ku chipatala ku Govan, mu Glasgow momwemo, chifukwa womulowera m'malo sanapezeke. Ndipo namwino ngati iye, wa ku fiyeta kochitira opaleshoni, foni amaitsekera mu loka. Ungaimbe mpaka chala kutupa, sayankha.

Apa ndiye panagona vuto. Mkamwini sayang'anana maso ndi maso ndi apongozi aakazi, sachezanso nawo ngati anzake. Kumudzi nzosavuta: ukawaona akubwera umangopatukira kuseri kwa nkhokwe. Nanga mu fulati ya ku Maryhill, ya kakolido koti anthu awiri sangadutsane osakhudzana mapewa, upatukira kuti? Miyezi yonseyi Lucius ankadyera kukhitchini choimirira. Ankayamba watsokomola asanatuluke kubafa. Thandizo ankawaseka onse awiri, ati kuno n'ku Ulaya, zisiyeni zimenezo, koma aNachisale anali munthu wamwambo, nayenso Lucius analeredwa momwemo. Kunena zoona anali atatopa nazo, ndipo masiku ankachita kuwawerenga chamumtima. Pakakhala chouzana ankadzera mwa Thandizo. Thandizo akachokapo ankadzera mwa Pempho, khanda la miyezi isanu losadziwa ndi dzina lake lomwe.

Ananjuta pafupi ndi chitseko, nkhope italoza kukhoma.

"Pempho, uwauze agogo ako kuti nthawi yatha. Ndege ndi ya hafu pasiti thu, ndipo katundu amasiya kulandira hafu pasiti wanu."

Mawu anatuluka m'chipindamo, ofatsa ngati akupempha mchere.

"Pempho, uwauze abambo ako kuti ine sindipita."

Lucius anadzuka, nafika kukhitchini, nabwerera. Anaganiza kuti ndi chisoni chosiya mwana basi, ndiye anayamba kunyengerera, mwa Pempho momwemo: uwauze kuti tizidzaimba foni tsiku ndi tsiku, uwauze kuti akapita lero ndiye kuti adzabweranso, akatsala lero ndiye kuti khomo latsekeka. Yankho linali lomwe lija, losawonjezera ngakhale liwu limodzi.

Foni inalira. Anali Mayi Eva a ku tchalitchi kwawo ku Partick, amene nawonso ankapita kumudzi tsiku lomwelo ndipo anavomera kuyenda ndi aNachisale mpaka ku Lilongwe.

"Bambo a Pempho, mwanyamuka? Ine ndafika kale, mzere wake si wamasewera."

"Tikunyamuka kumene, mayi."

Bodza lenileni, pamaso pa Mulungu. Anayesa nambala ya Thandizo kawiri, ikungoitana. Anabwerera pachitseko paja, ulendo uno atagwada ndithu.

"Pempho, uwafunse agogo ako. Ngati talakwa m'nyumba muno, anene. Ngati ndine ndalakwa, anene, ndipepese."

Anamva bedi likulira, gogoyo akukhala tsonga.

"Pempho, mvera, ukawauze bwino. Tsiku lobwera lija anandikhazika pazenera, pomwe pali phiko. Titayandikira kutera kunoko ndinaona lata lakumbuyo kwa phiko likusololoka, likulendewera pansi. Ndinati kapena maso angawa. Kenaka pakati panatseguka mpata, ine n'kumaona minda ndi magalimoto kudzera m'phiko momwemo. Titagunda pansi, malata ena apamwamba anazuka onse, kuchita kuimirira. Ine denga langa linapita ndi mphepo chaka cha namondwe chija, ndili m'nyumba. Lata likazuka misomali ndimalidziwa, sindichita kuuzidwa. Tinapulumuka ndi Mulungu yekha tsiku limenelo."

Lucius anasendera pafupi ndi chitseko.

"Nanga... Pempho, uwafunse, bwanji osanena nthawi yonseyi?"

"Ndinene kwa yani? Ndege za kuno amakonza ndani? Ku Nambuma konse akudziwa kuti mkamwini wa aNachisale ndiye amakonza ndege za ku Glasgow. Ndikanatsegula pakamwa bwenzi azungu atafufuza, ntchito n'kutha, kapenanso ndende. Mwana wanga akanadya chiyani? Ndinangosunga mumtima. M'mawa uliwonse ndakhala ndikuwapempherera manja awowo kuti azikhoma molimba. Koma zokweranso, iyayi. Andikhululukire."

Ha! Lucius sanadziwe kuti aseke kapena alire. Zaka khumi ndi zinayi akugwira sipanala mu hangala mokonzera ndege, mayeso onse aja, masitifiketi ali m'kabati, koma apongozi ake miyezi isanu ndi umodzi akumuona ngati mmisiri wa ntchito yamgwazo. Zinamuwawa, asaname. Ndipo ndege anakwerayo iye sanaikhudzepo n'chala chomwe. Komanso pansi pa kuwawako panali china: mayiyu anasenza mantha onsewo yekha pofuna kumubisira manyazi.

"Pempho, uwauze kuti amenewo si malata ozuka. Timawatcha mafulapu. Anachita kupangidwa choncho, amayenda dala."

"Uwauze kuti amene anandikhomera denga lija nayenso ankatero."

Koma abale! Hafu pasiti leveni. Lucius anathamangira kukhitchini, nang'amba katoni ya matewera, napinda mbali imodzi kuti ifanane ndi phiko. Anatenga chowumitsira tsitsi cha Thandizo, nalowetsa manja okha pampata wa chitseko, iye nkhope ili kunja, kuti aonetse mmene mphepo imanyamulira katoniyo. Atangoyatsa, katoni inapulumuka n'kukagwera kuseri kwa bedi, Pempho n'kudzidzimuka, kulira kwake kochita kumveka mpaka kunja kumsewu. Gogo anayamba kutonthoza mwana. Lucius anazimitsa chinthucho, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali chisanu.

Anakhala pansi m'kakolido muja atatsamira sutikesi. Kuwanyamula sakanatha. Kuwakalipira, pakamwa pake pakanayamba pati? Chinatsala n'chimodzi, ndipo ankachiopa, chifukwa mayi amenewa mawu ukawapatsa amawagwira zolimba.

"Pempho, uwauze chonchi. Tiyeni tipite kumpanda wa bwalo la ndege, akaone okha ndege zikutera. Akakaona, mtima wawo n'kukanabe, ndiwabweza kuno ndekha, masutikesi ndi onse. Sindiwakakamiza. Ndalonjeza."

Chitseko chinatseguka twelofu koloko itadutsa. Lucius anatembenukira kukhoma, iwo nadutsa, atavala jasi la Thandizo pamwamba pa chitenje, mwana ali m'manja.

M'galimoto munali mwabwino pa chinthu chimodzi: woyendetsa amayang'ana kutsogolo, ndiye mwambo sunkasweka. ANachisale anakhala kumbuyo pafupi ndi kampando ka Pempho. Anatsika kuchokera ku Maryhill, maloboti onse akuchita ngati apangana kuti afiire, nadutsa ku Partick, nalowa mumsewu wodutsa pansi pa mtsinje. Potulukira kutsidya chipatala cha Thandizo chinaonekera, ndipo Lucius anachiyang'ana ndi diso loipa, ngati kuti mkazi wake angamve. Atalowa mumsewu waukulu anaponda mafuta, natsitsa galasi lakumbuyo. Chimphepo chozizira chinalowa.

"Pempho, uwauze atulutse dzanja pang'ono, chikhatho chiyang'ane pansi."

"Pempho wagona," anatero aNachisale.

Nanga tsono auza yani? Lucius analimba mtima.

"Mayi, tulutsani dzanja. Chikhatho pansi, zala pamodzi. Tsopano kwezani nsonga za zala pang'ono pokha."

Pagalasi loonera kumbuyo anangoona mkono wa jasi ukukwera wokha.

"Asa! Akundikoka ndani?"

"Ndi mphepo, mayi. Dzanja lanu likuikankhira pansi, iyo ikulikankhira m'mwamba. Phiko limachita zomwezo. Limakumana ndi mphepo litapendekeka pang'ono, limaipotolera pansi, iyo n'kulinyamula. Koma pamafunika liwiro."

Ngati kuti wamva, msewu unadzaza kutsogolo, malole atandondozana. Lucius anaponda buleki akutukwana chamumtima, maso pa wotchi: twente tu wanu.

"Lagwa," anatero aNachisale. "Dzanja lagwa."

"Eya! Chifukwa tachepetsa liwiro. Ndiye taganizani, ndege ikamatera iyenera kuchepetsa liwiro, koma isagwe. Woyendetsa amatani? Amalikulitsa phiko. Amasolola malata akumbuyo aja n'kuwapindira pansi, kuti kamphepo kochepako kazikwanabe kuinyamula. Takhotetsani chikhatho ngati mukutunga madzi. Mwamva?"

"Likukankhika."

"Ndi zimene munaona zija. Mpata uja amausiya dala kuti mphepo izidutsamo."

"Nanga ozuka aja?"

"Ndege ikagunda pansi, phiko limafunabe kuuluka, silidziwa kuti ulendo watha. Ndiye aja amadzuka kuti aisokoneze mphepo pamwamba, ndege ikhazikike pansi ndi thupi lake lonse, mabuleki agwire. Akapanda kudzuka m'pamene ine ndingachite mantha."

Dzanja linabwerera mkati, galasi n'kutsekedwa.

Panali kamsewu kena kozungulira kuseri kwa bwalo, komwe Lucius ndi anzake ankadyera masangweji nthawi yopuma. Anaimika galimoto pamenepo, pafupi ndi mpanda wa waya. Kunkanunkha mafuta a ndege, fungo lake ngati parafini wa m'koloboyi. ANachisale anatsika, naima chapatali pang'ono, zala zitakola waya. Iye anaima mbali ina, onse atayang'ana kumodzi.

Ndege yoyamba inatulukira m'mitambo nyali zili ngwee, ikudzandira ndi mphepo, phiko ili kutsika, ilo kukwera.

"Mayo! Ikugwa!"

"Sikugwa, mayi, akuiwongola. Kunsonga kwa phiko lililonse kuli kachidutswa ka lata. Kena kakakwera, kena kamatsika, ndege n'kupendekera mbali imene woyendetsa akufuna, monga mumachitira pokhota ndi njinga. Kumchira uko, choimiriracho chimatembenuza mphuno kumanzere kapena kumanja, zogonazo zimaikweza kapena kuitsitsa. Tsopano taonani kumbuyo kwa mapiko."

Malata aja anali lende, monga momwe ananenera. Matayala anakhudza pansi, kautsi kuti fuu, ndipo pamwamba pa mapiko onse awiri malata ena aja anadzuka pamodzi. Ndege inadutsa patsogolo pawo ikubangula, n'kukafatsa kutali.

Lucius anapumira m'mwamba. Faifi tu wanu. Anali atagwira kale makiyi.

"Imeneyonso mwina munakonza ndinu," anatero aNachisale.

Mayi inu! Anadziluma mlomo mpaka kumva kuwawa. Anadikira. Yachiwiri inabwera, ya mtundu wina, zolemba zina, yochokera dziko lina kumene Lucius sanapondeko. Inachita zomwezo, kusolola, kulendewetsa, kudzutsa.

"Imeneyo ndiye sindikuidziwa n'komwe, mayi."

"Ibwere ina imodzi."

Ndiye kumwamba kunangoti mbee, ndege osaoneka. Teni pasiti wanu. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba, Mayi Eva, iye osayankha. Anayenda mpaka pagalimoto, nasuzumira Pempho ali m'tulo take, nabwerera. Anayendanso. Anawerenga mitengo ya mpanda. Mumtima ankati bwanji ndingonena kuti ndege zatha lero, bwanji ndingotsegula chitseko n'kuti tiyeni basi. Koma anali atalonjeza, ndipo akanaswa lonjezo limenelo mayiwa sakanamukhulupiriranso pa nkhani ya phiko. Kota pasiti.

Yachitatu inali yaing'ono, yochedwa ngati ikuchita dala. Inatsika, inagunda, malata aja dzambatu. ANachisale anaitsatira ndi maso mpaka inakhota kumapeto.

"Ndiye kuti ija sinathyoke."

"Sinathyoke, mayi."

"Manja anu ali bwinobwino."

Lucius anayang'ana manja akewo, aNachisale n'kupitiriza.

"Miyezi yonseyi ndadya chakudya chanu, ndagona m'nyumba mwanu, ndikukuyesani munthu woika anthu pangozi. Ndinakulakwirani, bambo. Tiyeni, tingachedwe."

Tingachedwe! Lucius sakumbuka mmene anazungulirira bwalo lija. Akungokumbuka akuthamanga ndi ngolo ya masutikesi, tayala limodzi likukana, kampando ka mwana kali pamkono, ndi Mayi Eva ataima pakati pa anthu manja ali m'chiuno.

"Inu a Lucius, mukufuna kundipha ndi mtima? Kunyamuka kumene kuja ndi kumeneku? Bweretsani pasipoti, msanga!"

Masutikesi analowa patangotsala mphindi zitatu. Mtsikana wa pakauntala anafunsa ngati gogoyo angakonde mpando wapakanjira, poti ngosavuta kudzuka. Mayi Eva atamasulira, aNachisale anapukusa mutu. Ati pazenera, pomwe pali phiko, akufuna azikaona okha ngati akuwadzutsa pa nthawi yake.

Pakhomo lolowera apaulendo okhaokha aNachisale anamasula Pempho pakampando, namunyamula, namununkhiza m'khosi nthawi yaitali. Mwana anadzuka n'kuwagwira mpango. Mayi Eva ankangoponda pansi, maso pa wotchi. Kenaka aNachisale anatembenuka, napereka mwanayo m'manja mwa Lucius, ndipo sanayang'ane kumbali. Anamuyang'ana kumaso, koyamba chikwatireni mwana wawo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Lucius anafuna kuzolika, koma khosi linakana.

"Kani muli ndi imvi kale," anatero. "Ntchito imeneyi ndi yolemetsa eti."

"Pang'ono, mayi."

"Chaka chamawa munditumizire pepala lija. Ndikufuna ndidzamupeze akuyenda ameneyu."

"Ndidzatumiza, mayi."

Mayi Eva anawakoka mkono, nalowa. Jasi la Thandizo lija linaoneka kanthawi pakati pa anthu, kenaka osaonekanso.

Zinatheka. Viza sinadutse, khomo silinatsekeke, ndipo madzulo ano akanadyera patebulo atakhala pansi ngati munthu. Lucius anadikira kuti mtima usangalale, koma unakana. Chimene anamva chinali chisoni chenicheni. Miyezi isanu ndi umodzi anakhala nyumba imodzi ndi mayi womupempherera m'mawa uliwonse, iye ali kalikiliki kuwazemba m'kakolido, ndipo kucheza kwawo konse kunakwana ola limodzi, la tsiku lomaliza. Pempho anayamba kulira akuyang'ana kumene agogo ake analowera. Lucius anakhala pabenchi, namugoneka pachifuwa, ndipo sanafune kubwerera ku fulati kuja msanga.